Alendo pa webusaiti akuchuluka koma foni sikulira: ndiziyang'ana ziwerengero ziti?

Mlangizi wa ku Limbe analemba kuti:

Moni nonse akuluakulu a pabwalo lino. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere kwa miyezi ingapo, ndipo ndikukhulupirira kuti ena mwa inu munadutsamo kale.

Ndine mayi, ndipo ndili ndi kakampani ka ulangizi pa zowerengera ndalama ndi zamisonkho kuno ku Limbe. Tilipo atatu m'chipinda chimodzi cha lendi: ine, mnzanga amene amasunga mabuku a makasitomala, ndi mtsikana wina amene wangomaliza kumene maphunziro ake. Timathandiza eni mashopu, makontilakita ang'onoang'ono komanso mabungwe omwe si aboma kulembetsa bizinesi, kutenga TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ku MRA, kutumiza za PAYE (msonkho wodulidwa pa malipiro) ndi VAT kudzera pa Msonkho Online, ndiponso kukonza mabuku ma oditala asanafike. Chaka chatha ndinalipira mnyamata wina kuti atipangire webusaiti, ndipo atamaliza anatilumikiza ku Google Analytics, chida chowerengera alendo a pa webusaiti, n'kundiuza kuti zonse zofunika kudziwa ndizizipeza mmenemo.

Ndimatsegula ndithu, Lolemba lililonse m'mawa ndisanagwire ntchito ina iliyonse. Ndimaona kuti alendo ndi mazana angapo pa mwezi ndipo mzere wake ukukwera pang'onopang'ono, koma ndikacheukira foni ya pa tebulo, ili duu monga inalili webusaiti isanabwere. Makasitomala atsopano amene tapeza chaka chino, pafupifupi onse akunena kuti anawalozera kuno ndi mnzawo kapena mbale wawo amene tinamuthandizapo kale. China chimene chikundizunguza mutu n'chakuti gulu lalikulu la alendowa lalembedwa kuti Direct, pamene ena akuchokera ku America ndi ku Singapore, kumene sindikhulupirira kuti kuli munthu wofuna thandizo pa msonkho wa ku Malawi.

Sabata yatha kunabwera munthu wina amene akuti akhoza kutikweza pa Google ngati tizimulipira mwezi ndi mwezi, pamene mnzanga wa mu ofesi akuti kuli bwino ndalamazo tizilipira zotsatsa pa Facebook. Ndalama zathu n'zochepa, lendi ndi malipiro zimadya kale mbali yaikulu, choncho sindikufuna kuziponya m'madzi. Funso langa ndi ili: pa ziwerengero zonse zili mmenemo, ndi ziti zimene munthu wa bizinesi yaing'ono ngati yanga ayenera kuziyang'ana, nanga ndingadziwe bwanji ngati webusaitiyi ikundibweretsera ntchito kapena ndikungolipira pachabe ndalama zoisungira chaka ndi chaka?

Wokonza mawebusaiti wa ku Lilongwe anayankha kuti:

Mayi, zikomo chifukwa chofotokoza momveka bwino. Vuto lanuli ndalionapo kwa anthu ambiri, ndipo gwero lake nthawi zambiri limakhala limodzi: Google Analytics inalumikizidwa, koma palibe anaiuza chimene inuyo mumachitcha phindu. Ikangoikidwa imawerenga aliyense wolowa ndi masamba amene watsegula, koma payokha siingadziwe kuti munthu wofunika kwa inu ndi uja wadina batani la WhatsApp, waimba foni kapena watumiza fomu yopempha koteshoni. Zinthu zitatu zimenezi ndi zimene muyenera kuyamba kuziwerenga, ndipo mu Google Analytics 4 zimatchedwa key events, dzina limene linalowa m'malo mwa conversions m'chaka cha 2024. Ndatchula mayinawa dala, chifukwa mtundu wakale wotchedwa Universal Analytics unasiya kulandira ziwerengero pa 1 Julayi 2023, ndipo maphunziro ambiri akale amene ali pa YouTube akuonetsabe mabatani omwe simungawapezenso.

Batani la WhatsApp ndi losavuta. Ngati linki yake ndi ya wa.me, Analytics imaiona ngati linki yotuluka pa webusaiti ndipo imalemba yokha munthu akadina, bola gawo lake lowerenga lokha zinthu zotere, lotchedwa enhanced measurement, likhale loyatsa. Chotsala ndi kungopatula kudina kumeneko n'kukupatsa dzina lakelake. Kudina nambala ya foni kungawerengedwe kudzera pa Google Tag Manager, pulogalamu yoikira zowerengera pa webusaiti imenenso ndi yaulere, ndipo amene anakupangirani webusaiti angakonze zimenezi pa ola limodzi. Za fomu, njira yodalirika ndi yakuti munthu akatumiza uthenga azifika pa tsamba lapadera lomuthokoza, tsono aliyense wofika pa tsamba limenelo ndi munthu amene watumizadi. Dziwani kuti zonsezi zimayamba kuwerengedwa kuchokera tsiku limene mwazikonza, sizibwerera m'mbuyo, choncho musazengereze. Mukalowa mu gawo la Admin la Analytics, sinthaninso nthawi yosungira ziwerengero kuchoka pa miyezi 2 kufika pa miyezi 14, chifukwa ntchito yanu imayendera nyengo ya msonkho ndipo mudzafuna kufanizira mwezi uno ndi mwezi womwewu chaka chatha.

Tsopano za Direct zija. Mawuwa satanthauza kuti anthu onsewo analoweza dzina la webusaiti yanu n'kulilemba okha. Tanthauzo lake lenileni n'lakuti Analytics sikudziwa kumene achokera. Kwathu kuno linki zambiri zimayenda pa WhatsApp, ndipo munthu akadina linki imene mnzake wamutumizira, kawirikawiri sipakhala chizindikiro chosonyeza kumene wachokera. N'chimodzimodzinso linki ya m'kalata ya PDF. Ndiye n'kutheka kuti ena mwa anthu a Direct aja ndi omwewo akukuuzani kuti anawalozera ndi anzawo. Mankhwala ake ndi timawu totchedwa UTM timene timawonjezedwa kumapeto kwa linki, ndipo Google ili ndi tsamba laulere lotchedwa Campaign URL Builder lopangira zimenezi. Linki yoika pa status ikhale ndi chizindikiro chake, ya pansi pa imelo chake, ya pa Facebook chake, ya pa LinkedIn chakenso, ndipo pakatha miyezi iwiri mudzaona khomo limene anthu akulowera.

Musaiwalenso kuti inu atatu mu ofesimo mukuwerengedwa nawo nthawi iliyonse mukatsegula webusaiti yanu. Pali njira yodzichotsera pogwiritsa ntchito IP, nambala imene chipangizo chanu chimadziwika nayo pa intaneti, koma ngati mumalowa pa intaneti ndi data ya TNM kapena Airtel nambalayo imasinthasintha, choncho chosavuta ndi kuika pa kompyuta za mu ofesi kapulogalamu ka Google koletsa Analytics kukuwerengani. Alendo a ku America ndi ku Singapore aja, ambiri mwa otere amakhala makina oyendayenda pa intaneti, osati anthu. Mukaona kuti akhala masekondi 0 ndipo atsegula tsamba limodzi, sefani lipoti lanu kuti lizionetsa Malawi yokha. Engagement rate, peresenti ya alendo amene Analytics imati achita chidwi, nayo isakusangalatseni kwambiri, popeza munthu amene wangokhala pa tsamba masekondi oposa 10 kapena watsegula masamba awiri amawerengedwa kale kuti wachita chidwi.

Mlangizi wachikulire wa ku Zomba anayankha kuti:

Achimwene a ku Lilongwe afotokoza za makina, ndipo sindikutsutsa kanthu pa zimene anenazo. Komabe ndikufuna ndikukokereni pang'ono kumbali ina, Mayi, chifukwa ndakhala ndikuchita ntchito younika mapulojekiti a mabungwe kwa zaka zambiri, ndipo chimene ndaphunzira n'chakuti ulangizi sugulidwa ngati sopo. Munthu amene akukupatsani mabuku a bizinesi yake akukupatsani zinsinsi za m'nyumba mwake: ngongole, misonkho imene sanalipire, ndalama zimene mlamu wake anatapa m'shopu. Woteroyo sapereka zimenezi kwa munthu amene wangomuona pa Google usiku. Amafunsa kaye mnzake ku tchalitchi kapena ku mzikiti, kenako ndi pamene amatsegula webusaiti kuti atsimikize ngati mulipodi, ngati muli ndi ofesi, ngati mapepala anu a maphunziro ndi enieni. Choncho webusaiti ya mlangizi nthawi zambiri imagwira ntchito ya mboni, ndipo mboni siioneka m'ziwerengero ngati yobweretsa kasitomala ngakhale kuti popanda iyo kasitomalayo akanabwerera panjira.

Ine ndinagwapo m'dzenje limene mnzanu wa mu ofesi akufuna kukulowetsani. Chaka china ndinalipira zotsatsa pa tsamba lina la mchezo kwa mwezi wathunthu, ziwerengero zinakwera mpaka ndinasangalala, koma mauthenga amene anadzaza foni yanga anali a achinyamata ofuna ntchito, aliyense ndi CV yake. Sindikuwanena anawo, ntchito zikusowadi, koma palibe bungwe ngakhale limodzi limene linandipatsa kontilakiti chifukwa cha ndalama zimenezo. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo. Alendo mazana aja ndi fodya wapachala.

Chimene chinandithandiza ndi kope wamba la mizere la ana asukulu, limene limakhala pafupi ndi foni. Aliyense wofunsa za ntchito amalembedwa mmenemo: tsiku, mtundu wa bizinesi yake, chimene akufuna, yankho lake pa funso lakuti "mwatidziwa bwanji", ndi funso lachiwiri limene anthu ambiri amaliiwala, lakuti "kodi munayang'anako pa webusaiti yathu musanaimbe". Pambuyo pake ndimabwereranso pa mzere womwewo kukalemba ngati tinatumiza koteshoni, ngati anavomera, ndi ndalama zimene ntchitoyo inabweretsa. Analytics imathera pamene munthu wadina batani, pomwe kope limapitirira mpaka pamene ndalama zalowa ku banki, ndiye mukaziika pamodzi kumapeto kwa mwezi mumaona njira yonse. Tiyerekeze kuti anthu 20 adina WhatsApp koma m'kope mwalembedwa 6 okha. Pamenepo funso si la webusaiti ayi, funso ndi lakuti foniyo amagwira ndani ndipo amayankha pakapita nthawi yaitali bwanji.

Wolemba zamalonda wa ku Mzuzu anayankha kuti:

Bambo a ku Zomba anena zoona kuti ulangizi umayendera chikhulupiriro, koma ndikusiyana nawo pang'ono pa mfundo imodzi. Ntchito zawo ndi makontilakiti akuluakulu a mabungwe, amene amabwera kamodzikamodzi, pamene Mayiwa ali ndi ntchito zina zing'onozing'ono zimene munthu amazifuna mwadzidzidzi. Kontilakita amene wauzidwa kuti mawa abweretse tax clearance certificate, chikalata cha MRA chosonyeza kuti za misonkho yake zili bwino, kapena amene akufuna kulembetsa ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, kuti azigulitsa katundu ku boma, alibe nthawi yodikira Lamulungu kuti akafunse anzake. Amatenga foni n'kufufuza pomwepo. Anthu amenewa mukhoza kuwapeza, ndipo akathandizidwa bwino pa kantchito kakang'ono ndi omwe amadzabweretsa mabuku a chaka chonse.

Chida chowaonera si Analytics koma Google Search Console, chimenenso ndi chaulere ndipo chimalumikizika ku Analytics. Chimaonetsa mawu enieni amene anthu analemba pa Google pamene tsamba lanu linaoneka, linaoneka kangati, linadinidwa kangati, komanso linali pa malo achingati pa mndandanda, ndipo chimasunga zimenezi kwa miyezi 16. Mawu ena ofunsidwa mwa apo ndi apo Google imawabisa pofuna kuteteza anthu, choncho simudzaona onse, koma otsalawo ndi okwanira. Agaweni pawiri. Gulu loyamba ndi la amene alemba dzina la kampani yanu. Amenewo ndi aja a Bambo a ku Zomba, anamva kale za inu ndipo akungotsimikiza, ndipo akamachuluka ndiye kuti mbiri yanu ikufalikira. Gulu lachiwiri ndi la amene alemba vuto lawo osakudziwani. Pamenepa fufuzani mawu amene tsamba lanu likuonekera kambiri koma lili cha kumunsi kwa tsamba loyamba kapena pa tsamba lachiwiri, chifukwa amenewo ndi mafunso amene anthu akufunsa ndipo inu simunawayankhe mokwanira. Lembani tsamba limodzi pa funso limodzi, m'mawu omwe kasitomala amalankhula akakhala pa mpando wa mu ofesi mwanu, munene mapepala ofunika, masiku amene zimatenga, ndi mtengo wanu woyambira ngati mungathe. Ambiri amaopa kuimba foni chifukwa choganiza kuti mlangizi ndi wa anthu olemera okha.

Munthu wofuna kumulipira mwezi ndi mwezi uja, m'funseni akuuzeni mawu amene akufuna kukukwezerani ndi masamba amene alembe kapena kukonza. Akalonjeza malo oyamba pa Google m'tsanzikeni, popeza palibe amene angatsimikize zimenezo. Pa dzina la kampani yanu mumakhala kale pamwamba popanda kulipira aliyense. Lembetsaninso Google Business Profile kuti ofesi yanu izioneka pa mapu. Nayonso imawerenga amene aimba foni ndi amene afunsa njira.

Chomaliza ndi foni. Mu Analytics onani gawo la zipangizo, ndipo ndikukhulupirira kuti mupeza kuti ambiri akulowa ndi foni. Tengani foni yotchipa ya Android, zimitsani Wi-Fi, mutsegule webusaiti yanu ndi data wamba mutaima panja, muone mmene ikuchedwera. PageSpeed Insights, pulogalamu ya Google yoyezera liwiro la tsamba, imakuuzani zithunzi zimene zikulemera, ndipo muyezo wa Google ndi wakuti mbali yaikulu ya tsamba izioneka pasanathe masekondi 2.5. Kumbukiraninso kuti anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, ndipo woteroyo akadina linki yanu tsamba silitseguka n'komwe, moti Analytics siimuwerenga. N'chifukwa chake chilengezo chilichonse chimene mukutumiza pa WhatsApp chizikhala ndi nambala ya foni ndi mfundo zofunika mkati mwa uthenga momwemo, linki ikhale yongowonjezera.

Mlangizi wa ku Limbe analembanso kuti:

Ndikuthokozeni nonse atatu kuchokera pansi pa mtima. Ndadikira masabata atatu ndisanayankhe kuti ndibwere ndi zimene ndaona ndi maso.

Tsiku limene tinkakonza tsamba lothokoza, ndinatumiza ndekha uthenga woyesera kudzera pa fomu yathu, koma sunafike mu imelo yanga. Titafufuza tinapeza kuti fomuyo imatumiza ku bokosi lina la imelo limene linatsegulidwa pomanga webusaiti ndipo palibe aliyense wa ife ankalidziwa. Munali mauthenga asanu ndi awiri a anthu enieni, wina wa sukulu ya mkaka amene ankafuna thandizo pa PAYE ya aphunzitsi ake miyezi isanu yapitayo. Ndinakhala chete kwa kanthawi nditagwira kukamwa. Ndawaimbira onse kupepesa, ndipo awiri abwera kale ku ofesi, koma ena anapeza thandizo kwina. Ndikupempha aliyense wowerenga pano amene ali ndi fomu pa webusaiti yake kuti aiyese lero.

Mu Search Console ndapeza kuti tsamba lathu lotchuka kwambiri ndi lofotokoza kawerengedwe ka PAYE, ndipo ndi limene limakweza mzere uja. Koma mawu amene anthu akulemba akusonyeza kuti ambiri ndi ogwira ntchito ofuna kudziwa ngati abwana awadula moyenera, komanso ophunzira, osati eni bizinesi. Tsamba la kulembetsa VAT limalandira anthu ochepa, koma ndi kumene kudina kwa WhatsApp kwachokera kwambiri, makamaka masiku oyandikira pa 25, tsiku lomaliza kutumiza za VAT mwezi uliwonse. Batanilo linali pansi penipeni, moti pa foni munthu amayenera kutsika mpaka kumapeto, ndiye talikwezera pamwamba. Kope la Bambo a ku Zomba lilipo pa tebulo, ndipo mtsikana wathu ndi amene akulisamala. Za zotsatsa taziimika kaye.

Ndili ndi funso lina. Mnyamata wa webusaiti akuti tiike Microsoft Clarity, imene akuti imajambula mmene munthu akuyendera pa tsamba, komanso akuti akhoza kutumiza mayina ndi manambala a odzaza fomu ku Analytics kuti ndisamavutike ndi kope. Kodi zimenezi n'zololedwa?

Woona zamalamulo a makampani wa ku Blantyre anayankha kuti:

Mayi, zinthu ziwirizi musaziphatikize. Clarity ndi yaulere, ndipo pa webusaiti ya alendo ochepa ngati yanu imathandizadi, chifukwa kuonera anthu khumi mmene akuvutikira kupeza batani kumaphunzitsa zambiri kuposa maperesenti otengedwa pa anthu ochepa, amene amakwera ndi kutsika popanda chifukwa. Zolembedwa m'mabokosi a fomu imazibisa, koma onetsetsani nokha poonera chojambulidwa chimodzi, ndipo musaiike pa tsamba lililonse limene makasitomala amatumizirapo zikalata zawo.

Za mayina ndi manambala, kanani. Malamulo a Google amaletsa kutumiza ku Analytics chilichonse chozindikiritsa munthu, monga dzina, imelo kapena nambala ya foni, ndipo akaunti ikhoza kutsekedwa pa chifukwa chimenechi. Kuwonjezera apo, Malawi tsopano ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act la 2024, limene likuyang'aniridwa ndi MACRA, ndipo limafuna kuti munthu adziwitsidwe zimene mukutenga za iye ndi chifukwa chake, komanso kuti muzizisunga motetezeka. Ikani tsamba lalifupi lofotokoza kuti webusaiti yanu imagwiritsa ntchito Analytics ndi Clarity, zimene fomu imatenga, ndi amene angafunsidwe ngati munthu akufuna kuti zake zifufutidwe. Kope lija nalonso lili ndi mayina ndi mavuto a anthu, choncho madzulo lizilowa m'kabati yokhoma, osati kugona pa tebulo pamene alendo amakhala.

Onaninso kuti akaunti ya Analytics, ya Search Console ndi dzina la webusaiti zili m'dzina la ndani. Nkhani ya bokosi la imelo ija ikusonyeza kuti zina zinatsegulidwa popanda inu kudziwa, ndiye sabata ino khalani naye pansi mnyamatayo, akuikeni inuyo kukhala mwini wa zonsezi pa imelo ya kampani, iye atsale ndi chilolezo chongogwirira ntchito.